Thiriga ya Mfuti Yobisa M'chiuno

Mnyamata aliyense amene anakulira kumudzi amadziwa kuvuta kwa diwa. Ukalitcha molimba kwambiri, mbewa imabwera usiku, n'kudya nyambo yonse, n'kuchoka mwala uli chiimire. Ukalitcha mofewa kwambiri, kamphepo kokha kamagwetsa mwalawo, ndipo nthawi zina umakuphwanya zala iwe wotcha usanachotse dzanja. Luso lonse lagona pa kamtengo kamene kamagwira mwala: kagwire mokwanira kuti kasaphonyoke pachabe, koma kalole kuphonyoka nthawi yake ikakwana.

Mfuti nayo ili ndi kamtengo kotere, kungoti n'kachitsulo. M'kati mwake muli sipuling'i yopanikizidwa imene ikufuna kukankha kamsomali kuti kakamenye kumatako kwa chipolopolo, ndipo pali kambedza kamene kakuigwira. Chala chikakoka thiriga, kachitsulo kopindika kokhala kunsi kwa mfuti kaja, kambedza kamataya, kamsomali n'kumenya, wonga n'kuyaka. Ku United States kuli makampani amene ntchito yawo ndi kupanga mathiriga oti munthu achotse imene inabwera ndi mfuti n'kuikapo yawo. Nkhani ino ikuyerekeza zimene amagulitsazo, makamaka za mfuti zing'onozing'ono zimene anthu amayenda nazo mobisa tsiku ndi tsiku pofuna kudziteteza.

Chifukwa chake msikawu uli ku America

Kumeneko munthu wamba woyenda ndi mfuti kunsi kwa malaya si wachilendo. Malamulo aakulu a dzikolo, m'ndime imene inawonjezedwa mu 1791, amapatsa anthu ufulu wokhala ndi zida. Kwa zaka zambiri zigawo zochuluka zinkaumira zilolezo zonyamula mfuti mobisa, koma mu 1987 chigawo cha Florida chinakhazikitsa lamulo loti aliyense wokwaniritsa zofunika azipatsidwa, ndipo zigawo zina zinatengera pomwepo. Mu 2022 khoti lalikulu la dzikolo, pa mlandu wodziwika ndi dzina loti Bruen, linaletsa chigawo cha New York kumafunsa munthu chifukwa chapadera chofunira kunyamula mfuti. Pofika 2024 zigawo 29 mwa 50 zinali zitalola kunyamula popanda chilolezo n'komwe, ndipo okhala ndi zilolezo anali oposa 20 miliyoni. Kuno kwathu munthu wamba sasunga mfuti popanda chilolezo cha boma ndipo ochipeza ndi owerengeka, choncho sitolo yogulitsa mathiriga okhaokha ingatsekedwe mwezi usanathe. Kumeneko ogula ndi khamu.

Mfuti yopepuka, chala cholemedwa

Mfuti zobisa zakhala zikucheperachepera. Smith & Wesson inatulutsa M&P Shield mu 2012, Glock inabweretsa Glock 43 mu 2015, SIG Sauer inagwedeza msika mu 2018 ndi P365, kamfuti kolowa m'thumba la buluku koma kosunga zipolopolo 10, ndipo Springfield Armory inayankha ndi Hellcat chaka chotsatira. P365 yopanda zipolopolo imalemera pafupifupi theka la kilogalamu. Kuti iwombe, chala chiyenera kukoka ndi mphamvu ya makilogalamu awiri ndi theka kapena kuposerapo. Vuto lagona pamenepa. Chala chikukoka ndi mphamvu yoposa kasanu kulemera kwa chinthu chimene dzanja lomwelo likuyesetsa kuti chisagwedezeke. Chikangopotoka pang'ono, mphuno ya mfuti imapendekera, ndipo kupendekera kwa milimita imodzi pamphunopo kumasanduka masentimita angapo pa mtunda wa mamita 10. Munthu wogwiritsa dzanja lamanja amene amatswanyula thiriga mwachiwawa amapeza mabowo ake ali m'munsi chakumanzere kwa chandamale, ndipo mphunzitsi akangoona pepalalo amadziwiratu nthenda yake.

Mphamvu yokokera imeneyi ndi imene amaitcha kulemera kwa thiriga, ndipo Aamerica amaiwerenga m'mapaundi. Kayezedwe kake n'kosavuta. Amaimika mfuti yopanda chipolopolo mphuno kumwamba, n'kukoleka miyala ya sikelo pa thiriga, n'kumawonjezera mpaka itafwamphuka. Glock yochokera kufakitale imafwamphuka pa mapaundi pafupifupi 5.5, amene ndi makilogalamu 2.5.

Ulendo wa chala

Amene sanagwirepo mfuti amaganiza kuti kukoka thiriga ndi chinthu chimodzi. Oizolowera amamva zigawo zisanu. Poyamba thiriga imayenda mofewa ngati palibe chikuchitika. Kenako chala chimagunda polimba, pamene eni ake amati pakhoma. Chikapanikiza khomalo, kambedza kamataya ndipo mfuti imalira. Thiriga imapitirirabe pang'ono kumbuyo isanaime. Pomaliza, wowomberayo akamamasula chala, pamamveka kakuti "kwa", kusonyeza kuti makina akolananso ndipo mfuti yakonzeka kuwombanso. Kumeneku ndiko kubwerera kwa thiriga.

Otsatsa malonda amalonjeza kukonza chilichonse mwa zimenezi: kufupikitsa mayendedwe oyamba aja, kuchotsa kukhakhala kokhala ngati muli mchenga, kuchititsa kuti khoma lithyoke mwadzidzidzi m'malo mokwawa, kudula kupitirira kwa kumbuyo, kufupikitsa kubwerera, ndi kupeputsa zonse. Wogula wosadziwa amangomva mawu amodzi akuti "thiriga yabwino", pamene zimenezi n'zosiyana, ndipo mtengo wake pa chitetezo si umodzi.

Makina atatu

Volovolo, mfuti ya mgolo wozungulira ija, imadalira kulimba. Chala chimagwira ntchito ziwiri nthawi imodzi, kukokera nyundo kumbuyo ndi kuitaya, choncho ulendo ndi wautali ndipo umalemera makilogalamu 4.5 mpaka 5.5. Palibe batani lotsekera, chifukwa kulimbako ndiye chitetezo.

Pisitolo ya M1911, imene John Browning anapanga ndipo asilikali a America anayamba kugwiritsa ntchito mu 1911, inatenga njira ina. Nyundo imakhala yokokedwa kale, thiriga imangoitaya, choncho ulendo ndi waufupi ndipo umalemera makilogalamu awiri kapena kupitirira pang'ono. Pobwezera, mfutiyi ili ndi chotsekera cha chala chachikulu ndi china chimene chimamasuka pokhapokha dzanja likagwira chigwiriro.

Njira yachitatu, imene yadzaza msika wa lero, inatchuka ndi Gaston Glock wa ku Austria, amene Glock 17 yake inasankhidwa ndi asilikali a dzikolo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Mulibe nyundo. Kamsomali kali ndi sipuling'i yakeyake, ndipo kamakhala kokokedwa pang'ono chabe. Chala ndicho chimamaliza kukakoka chisanakataye. Kunja kulibe batani lotsekera, koma m'kati muli zotetezera zitatu. Choyamba ndi kalilime kali pakati pa thiriga, kamene kamailetsa kuyenda ngati sikanapanikizidwe. Chachiwiri ndi kampiringidzo kotsekereza njira ya kamsomali, kamene kamakwezedwa ndi mkono wa thiriga pamene thirigayo ikuyenda. Chachitatu ndi kashelefu kamene kamagwira mkonowo kuti usatsike n'kutaya kamsomali mpaka utafika kumapeto kwa ulendo wake.

Amene anatsatira mlandu wa Oscar Pistorius ku Pretoria mu 2014 anamvapo za makinawa. Kuwonjezera pa mlandu wakupha, iye ankayankhanso za Glock ya mnzake imene inalira kunsi kwa tebulo mu lesitilanti ku Johannesburg mu Januwale 2013. Iye anati chala chake sichinali pa thiriga. Katswiri wa apolisi anauza khoti kuti mfutiyo singalire thiriga isanakokedwe, ndipo pa mlandu wa mulesitilantiwo khoti linamupeza wolakwa.

Mfundo yofunika kuigwira tisanalowe mumsika ndi iyi: mayendedwe oyamba aja, amene chala chimamva ngati achabechabe, ndi nthawi imene zotetezera ziwiri za m'katizo zikuchotsedwa chimodzichimodzi. Wofupikitsa mayendedwe amenewo akuyambitsa thiriga pakati pa njira. Akapyola muyezo, mfuti imakhala m'chiuno kampiringidzo katakwera kale theka ndipo mkono uli m'mphepete mwa shelefu. Kunja siisonyeza chilichonse.

Nsapato

Chosintha chofatsa kuposa zonse ndi mbali imene chala chimakhudza, imene eni ake amaitcha nsapato. Ya kufakitale kawirikawiri imakhala yapulasitiki yopindika. Makampani monga Overwatch Precision, Apex Tactical ndi Grayguns amagulitsa zowongoka, zina za aluminiyamu. Ubwino wake ndi weniweni ngakhale si wozizwitsa. Pa nsapato yowongoka chala chimatha kukhala m'munsi, kutali ndi pamene thiriga imazungulira, ndipo kukoka kumamveka kopepukirapo ngakhale masipuling'i ali omwewo. Munthu wa zala zazifupi amapezanso kuti akufikira bwino, ndipo amene nsapato yakale inkamutsina akawombera nthawi yaitali amapumula.

Komabe nsapato zambiri sizisintha maonekedwe okha. Zimabwera zitafupikitsako mayendedwe oyamba, ndipo funso loyenera kufunsa ndi lakuti zadulako zochuluka bwanji. Mitundu ina, monga Fulcrum ya ZEV Technologies, ili ndi tizomangira toti mwini wake azipotokola yekha kuti afupikitse kutsogolo ndi kumbuyo. Pa mfuti ya mpikisano zimenezi n'zokoma. Pa mfuti yokhala m'thukuta tsiku lonse, imene imagwedezeka pa minibasi, pa masitepe ndi pa mpando wa galimoto, ine kachomangira kotha kumasuka kokha sindikakhulupirira, ngakhale atakapaka zomatira.

Konekitala ndi masipuling'i

Mu Glock muli kachitsulo kopyapyala, kotalika ngati chala cha kaninse, kotchedwa konekitala. Mapeto a mkono wa thiriga amatsetsereka pa iko mpaka kutsika n'kutaya kamsomali. Kupendekera kwake ndiko kumalamula mmene khoma limamvekera. Glock yeniyeniyo imapanga mitundu ingapo: ya masiku onse, ina yodindidwa chizindikiro chochotsera imene imatsitsa kulemera kufika cha pa mapaundi 4.5 ndipo imaikidwa m'mfuti zampikisano monga Glock 34, ndi ina ya chizindikiro chowonkhetsa imene imakweza kufika cha pa mapaundi 8. Kampani ya Ghost ya ku Florida inatchuka ndi makonekitala ake, amene mtengo wake ndi madola makumi ochepa chabe. N'chifukwa chake ambiri amayambira pamenepa.

Sayansi yake ilibe chinyengo. Malo otsetserekawo akagonekedwa kuti kukoka kupepuke, ulendo umatalika ndipo khoma limafewa. Ena amagula akuyembekeza kuthyoka kwadzidzidzi n'kupeza thiriga yoterera imene sadziwa pamene ifwamphukire. Mtundu wa Ghost wotchedwa Rocket uli ndi kalilime kodulira kupitirira kwa kumbuyo, ndipo kamafunika kupalidwa ndi tupa pang'onopang'ono kuti kagwirizane ndi mfuti yakeyo. Kakasiyidwa katali, thiriga imaima kamsomali kasanatayidwe. Mwini wake amangoti kakasi, chifukwa Glock simaphwasulika mwa njira yake ya masiku onse thiriga isanafwamphuke. Amisiri a mfuti amalandira makasitomala otere chamanyazi.

Masipuling'i ofewa, amene makampani monga Wolff ndi MCARBO amagulitsa m'timapaketi, ndiwo otsika mtengo koposa ndipo ndiwo amanyenga kwambiri. Pa mfuti imene chala chimamaliza kukoka kamsomali, kufewetsa sipuling'i ya kamsomaliko kumapeputsadi thiriga, koma sipuling'i yomweyo ndi imene imamenya chipolopolo. Kumatako kwa chipolopolo kuli kabatani ka mankhwala oyaka msanga kotchedwa primer, ndipo kulimba kwake kumasiyana malinga ndi kampani. Ta Federal timadziwika kuti n'tofewa, ta CCI ndi ta zipolopolo za asilikali n'tolimbirapo. Mfuti imene imalira bwino ndi mtundu umodzi ikhoza kungoti "kwa" ndi mtundu wina, n'kusiya kachidindo kosazama pa kabataniko. Pabwalo lophunzirira zimenezi zimangokwiyitsa. Kwa munthu amene anagula mfutiyo kuti imupulumutse pa chigawenga, ndiye kuti walipira ndalama kuti aiphe yekha. Vuto lomweli limagwera eni mavolovolo aang'ono a Smith & Wesson amene amafewetsa sipuling'i ya nyundo, ndipo n'chifukwa chake paketi ya Apex ya mavolovolo amenewa imabwera ndi kamsomali kotalikirapo kuti kabwezere mphamvu yotayikayo.

Mapaketi athunthu

Pamwamba pa msika pali mapaketi osintha zambiri nthawi imodzi, a madola kuyambira 100 kufika 250, pa mfuti imene inagulidwa madola 500 kapena 600. Apa kusiyana kwa nzeru za makampani kumaoneka bwino.

Nkhani ya Apex ndiyo yophunzitsa. Smith & Wesson itatulutsa M&P mu 2005, anthu anaikonda mmene imakhalira m'dzanja koma anadandaula ndi thiriga yake: yokhakhala, ya khoma losadziwika bwino, ndipo kubwerera kwake sikunkamveka m'chala kapena m'khutu. Mmisiri wa Apex, Randy Lee, anapanga kambedza kosemedwa bwino ndi kampiringidzo kozungulira mutu kuti mkono uzitsetsereka popanda kukhula. Chochititsa chidwi n'chakuti pa paketi imene anaipangira apolisi ndi onyamula mobisa anaikamo masipuling'i obwezeretsa kulemera cha pa mapaundi asanu ndi theka, ndipo paketi yopepuka ya mpikisano anaigulitsa payokha ndi dzina lina. Anachotsa mchenga n'kusiya kulimba. Kwa ine, kulekanitsa kumeneku ndiko chizindikiro choyamba cha kampani yodziwa chimene ikuchita. Ernest Langdon amachita zofanana ndi mfuti za Beretta, ndipo Cajun Gun Works ya ku Louisiana imachita chimodzimodzi ndi za CZ: pa mfuti zimenezi kukoka koyamba n'kwakutali ngati kwa volovolo, ndipo ntchito yaikulu ndi kukusalaza.

Timney, kampani ya ku Arizona imene yakhala ikupanga mathiriga a mfuti zosakira nyama kuyambira 1946, inabwera ndi nzeru ina itatulutsa Alpha ya Glock mu 2021. Paketi imeneyi imaika kambedza kakekake kamene kamagwira kamsomali katakokedwa mpaka kumapeto, kotero kuti chala chimangotaya basi. Kulemera kumatsika kufika cha pa mapaundi atatu. Woikhudza koyamba amamwetulira, chifukwa ndi yokomadi. Koma Glock yoteroyo yasanduka m'bale wake wa M1911 wopanda chotsekera cha chala chachikulu chija. Kampaniyo sinabise kanthu, popeza mawu akuti mpikisano ali m'dzina lenileni la malondawo. Mapaundi atatu ndiwonso malire a pansi amene bungwe la mipikisano la IPSC limalola m'gulu la mfuti za kufakitale zimene kukoka kwake n'kofanana nthawi zonse. Munthu woika thiriga yotere pa mfuti yobisa akuyenda mumsewu ndi muyezo umene ochita masewera, pabwalo lokhala ndi woyang'anira kumbuyo kwawo, amati ndiye pothera.

Opanga mfuti nawonso anaona kumene ndalama zikupita. Smith & Wesson inakonza thiriga pa M&P M2.0 mu 2017, n'kuika yowongoka pa Shield Plus mu 2021. SIG inaika yowongoka pa P365XL mu 2019. Glock, imene inakhala zaka zambiri ikunena kuti mfuti yake siisowa kanthu, inatulutsa Performance Trigger yake mu 2023. Choncho wogula mfuti yatsopano lero akupeza kufakitale zambiri zimene zaka khumi ndi zisanu zapitazo ankazilipira padera, ndipo phindu la paketi yakunja lachepa.

Pali tizipangizo tina timene sitili m'gulu limeneli n'komwe, toika kumbuyo kwa pisitolo kuti iziwombera mosalekeza chala chikakoka kamodzi. Lamulo la America limawerenga kachipangizo kotero kuti ndi mfuti yachiwaya pakokha, ndipo wopezeka nako akhoza kukhala kundende zaka 10.

Mfuti ikagwa pansi

Mu 2017, chaka chomwe asilikali a America anasankha SIG P320 kukhala pisitolo yawo, anthu anaonetsa kuti mtundu wogulitsidwa kwa anthu wamba unkatha kulira ukagwa chagada mopendekera mwa mtundu wina wake. Chifukwa chimodzi chinali kulemera kwenikweni kwa kachitsulo ka thiriga. Mfuti ikagunda pansi n'kuima mwadzidzidzi, thiriga inkapitirizabe ulendo wopita kumbuyo ngati yakokedwa ndi chala. Mu Ogasiti chaka chomwecho kampaniyo inalengeza kuti eni ake atumize mfuti kuti zikakonzedwe, ndipo mwa zina inaikamo thiriga yopyapyala yopepuka pa sikelo.

Ngati kampani yaikulu, yokhala ndi mainjiniya ndi zipinda zoyesera, inaphonya zimenezi, munthu wosakaniza nsapato ya kampani iyi, konekitala ya kampani iyo ndi masipuling'i a kampani yachitatu patebulo la kukhitchini akupanga makina amene palibe anawayesapo. Chilichonse pachokha chikhoza kukhala chabwino. Vuto limabadwa pokumana pake, pamene kagawo ka milimita kodulidwa apa kakuwonjezera kena kodulidwa apo. N'chifukwa chake mmisiri wosamala akamaliza kuika amavundukula kumbuyo kuti aone ndi maso kuti kambedza kakugwira mozama bwanji, amayesa chotetezera chilichonse pachokha, ndipo amauza mwini wake kuti akawombere zipolopolo mazana angapo, kuphatikizapo mtundu umene adzayende nawo, asanaikhulupirire. Opanga mfuti ambiri sakonza mwaulere mfuti imene yawonongeka ndi zipangizo zakunja, ndipo mabungwe ambiri apolisi salola wapolisi kusintha makina a mfuti ya ntchito.

Ngozi imene imachitika kawirikawiri imabwera pobwezera mfuti m'chimake. Kachingwe ka jekete kapena mpendero wa malaya umalowa mu mkombero wa thiriga, munthu akukankhira mfuti pansi, ndipo nsaluyo imakoka m'malo mwa chala. Ambiri masiku ano amabisa mfuti kutsogolo, pansi pa mchombo, pamene mphuno yake imaloza mtsempha waukulu wa m'ntchafu. Thiriga yaitali ndi yolimbirapo imapatsa dzanja mpata womva kuti china chake chakola. Yaifupi ndi yopepuka simapereka mpata umenewo.

Pamaso pa khoti

Massad Ayoob, mlembi ndi mphunzitsi amene wakhala akuperekera umboni wa ukatswiri m'makhoti a America kwa zaka zambiri, amalangiza kuti mfuti yodzitetezera isapepuke kuposa muyezo umene wopanga anaikira mfuti za ntchito. Chifukwa chake chili m'kapangidwe ka lamulo. Wonena kuti anadziteteza akuvomera kuti anawombera dala, pofuna kupulumutsa moyo. Woimira boma akatha kukhutiritsa oweruza kuti mfuti inalira mwangozi chifukwa cha thiriga yofewa, nkhani yodziteteza imagwa ndipo pamatsala mlandu wakupha chifukwa chosasamala. Mu Disembala 1982 wapolisi wa ku Miami, Luis Alvarez, anawombera mnyamata wotchedwa Nevell Johnson Jr. m'nyumba ya masewera ku Overtown, ndipo kunabuka zipolowe. Boma linati iye anali atakokera nyundo ya volovolo kumbuyo, zimene zimasiya thiriga yopepuka kwambiri, ndipo mfuti inalira mosayembekezeka. Omuimira anati anawombera dala. Anamasulidwa mu 1984. Apolisi a m'mizinda ingapo yaikulu anasintha mavolovolo awo kuti nyundo isamathekenso kukokedwa ndi chala chachikulu, pofuna kutseka khomo la mkangano wotere.

Ena amatsutsa Ayoob. Amati ngati kuwombera kunali kwadala ndi koyenera, kulemera kwa thiriga sikusintha kanthu, ndipo milandu imene inatembenukira pa nkhani imeneyi ndi yochepa. Zoona zilipo pamenepo. Koma munthu sasankha mtundu wa mlandu umene adzakumane nawo, ndipo pa mlandu wofuna chipukuta misozi loya wa mbali inayo amafunafuna kusasamala kulikonse kumene angakupeze.

Phunziro la New York

Wina angaganize kuti yankho ndi kulimbitsa thiriga mmene zingathekere. Chigawo cha Massachusetts chili ndi malamulo amene anachititsa makampani kupanga mitundu yapadera ya mapaundi 10, poganizira mwana wamng'ono wotola mfuti. Koma amene anayesa njirayi kwa nthawi yaitali ndi apolisi a ku New York. Pamene ankasiya mavolovolo n'kutenga mapisitolo, akuluakulu ankaopa kuti zala zozolowera kutsamira pa thiriga yolimba zidzachita ngozi pa yofewa. Glock inawapangira masipuling'i apadera amene mpaka lero amadziwika ndi dzina la New York: ya mtundu wobiriwira imakweza kulemera kufika cha pa mapaundi 8, ya mtundu wa lalanje cha pa mapaundi 12. Apolisi a mumzindawo anatenga yolimbitsitsayo, makilogalamu oposa asanu. Mwa njira ina tingati imeneyi ndiyo thiriga yosinthidwa yotchuka kuposa zonse, kungoti inapita mbali yolemera. Onyamula mobisa ena amaphatikiza sipuling'i yobiriwirayo ndi konekitala yopepuka ya Glock, n'kupeza kukoka kolimba kuyambira poyambira mpaka pothera ngati kwa volovolo, kopanda khoma lodzidzimutsa.

Zotsatira za mapaundi 12 sizinali zokoma. Mu Ogasiti 2012, pafupi ndi nyumba ya Empire State, apolisi awiri anawombera zipolopolo 16 pa munthu amene anali atangopha mnzake wakale wa kuntchito. Anamupha, koma anthu asanu ndi anayi odutsa m'njira anavulala ndi zipolopolo za apolisiwo ndi zidutswa zake. Zifukwa zinalipo zambiri, monga khamu la anthu ndi kuchepa kwa maphunziro, koma aphunzitsi a zowombera ambiri analoza thiriga yolimbayo.

Ndipo kulimbako sikunaletse ngozi. Mu Novembala 2014 wapolisi wachinyamata, Peter Liang, analowa pa masitepe amdima m'nyumba ina yosanja ku Brooklyn, Glock ili m'dzanja. Anamva phokoso, mfuti inalira, chipolopolo chinanjanja pakhoma n'kukapha Akai Gurley, amene ankangotsika masitepe. Pa mlanduwo mu 2016 anthu wamba oweruza anapatsidwa mfutiyo mmodzimmodzi kuti akoke okha thiriga ya mapaundi 11.5, ndipo anamupeza wolakwa. Katswiri wa minofu Roger Enoka wa ku yunivesite ya Colorado anali atafotokoza kale mu 2003 njira zitatu zimene chala chimakokera mwini wake osafuna: kudzidzimuka, kupunthwa, ndi kufinya mwamphamvu ndi dzanja linalo. Zikatero dzanja lonse limafumbata, ndipo dzanja la munthu wamkulu limafinya ndi mphamvu ya makilogalamu makumi angapo. Palibe thiriga yoti munthu n'kuwombera nayo molunjika imene ingapirire mphamvu yotere. Chimene chimateteza pamenepo ndi chala kukhala kunja kwa mkombero, chitawongoka m'mbali mwa mfuti, ndipo chizolowezi chimenecho sichigulitsidwa m'paketi. Madola 150 a thiriga yatsopano akhoza kugula zipolopolo za 9mm pafupifupi 500 zophunzirira.

Mu 2021 akuluakulu a polisi ya New York, atayerekeza mmene ophunzira awo ankawombera ndi mathiriga a mitundu iwiriyi, analengeza kuti apolisi atsopano azilandira mfuti za mapaundi pafupifupi asanu, muyezo wa kufakitale womwe anaukana kwa zaka pafupifupi makumi atatu. Kusinthaku kunayambira kwa ophunzira okha, ndipo apolisi akale anapitiriza kaye kuyenda ndi mathiriga awo olimba.